Za Ndege, ndi za Anthu Oyang'ana Kumwamba

Mau akuti "ndege" si a Cinyanja ceni ceni iai. Ndiwo mau obwereka ku Ciswahili, ndipo m'cinenero cimeneco tanthauzo lace loyamba ndilo mbalame. Ife a ku Nkhotakota sitidabwa nako kubwereka kotere, pakuti kuyambira masiku a Jumbe Salim bin Abdallah, amene anamanga mudzi wace pano m'zaka za m'ma 1840, Ciswahili cakhala cirikumveka padooko ndi m'misika mwathu. Koma m'mau amenewa muli phunziro. Anthu ataona makina alikupita m'mlengalenga, sanabvutike ndi kuwafunira dzina lacilendo; anangoti, ndi mbalame. Ndiko kunena kuti maso ao anali atazolowera kale kuyang'ana kumwamba, ndi mitima yao inali itayamba kale kusirira zamapiko.

Akuru anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndege ndiko kalumo ka mlendo, palibe wotsutsa. Koma cifuniro ca kuuluka sicinadze ndi mlendo. Cinalipo pano kuyambira makedzana. M'nkhani yino ndifuna kulongosola mbiri ya zinthu ziwirizi, makinawo ndi cifuniroco, ndi kuonetsa cimene amisiri a masiku athu ano, ojambula, osema, olemba mabuku ndi opanga kanema, acita nazo. Pakuti mbiri ya ndege kawiri kawiri amailemba ndi iwo okwera. Koma mbiri ya otsala pansi, amene ali ocuruka koposa, amaisunga ndi amisiri.

Makina asanadze

Mphunzitsi woyamba wa kuuluka m'mbali mwa nyanja yino ndiye nkhwazi. Msodzi ali yense adziwa umo imakhalira ciriri pamwamba pa mtengo nthawi yaitali, nitsika mwadzidzidzi, nikwatula nsomba pamadzi ndi zikhadabo zace, nibwerera kunthambi kukalira mutu uli cagada. Sikunali kwangozi kuti Malawi polandira ufulu wace mu 1964 anaika nkhwazi pamwamba pa cizindikiro ca dziko, yotambasula mapiko, dzuwa lirikuturuka kumbuyo kwace. Ndipo caka comweco anansi athu a ku Zambia anaiika pa mbendera yao.

Nthano nazo zicitira umboni. M'maiko ambiri a Afirika agogo amasimba za kamba amene anamva kuti kumwamba kuli phwando la mbalame, napempha mbalame iri yonse nthenga imodzi imodzi, nauluka nazo. Koma atafika anacita dyera ndi cakudya, eni nthenga nakwiya, nalanda nthenga zao. Kamba anagwa, cigoba cace ndi kusweka, ndipo zipsera zace tiziona kufikira lero. Agriki akale anali nayo yao, ya mmisiri Daedalus amene analumikiza nthenga ndi phula, kuti iye ndi mwana wace Icarus athawe pa cisumbu ca Crete. Mwanayo anakwera kufupi ndi dzuwa, phula linasungunuka, nagwera m'nyanja. Taonani, mitundu iwiri yotalikirana, yosadziwana, koma nthano zao zinena cimodzi: munthu alakalaka kumwamba, ndipo adziwa kuti kumeneko si kwao.

Palinso njira yina imene cifuniro ici cinayendamo, ndiyo yamdima. Licero ndico cipangizo caulemu. Amai athu amapetera mpunga ndi mphale. Koma anthu ambiri akhulupirira kuti usiku mfiti zimakwera m'licero ndi kupita maulendo atali kusanace. Ndege yeni yeni itadza, cikhulupiriro cimeneci sicinafe, koma cinangobvala zobvala zatsopano: anayamba kunena za "ndege ya ufiti," yokhala ndi woyendetsa wace, yofuna mafuta, yogwa pakhomo pa munthu mafutawo akatha. Nkhani zotere zamveka pa wailesi ndi m'manyuzi. Ndipo amene alipira mtengo wace ndiwo ofoka: nkhalamba zamenyedwa, zina kuphedwa kumene, ndi ana ang'ono kucititsidwa manyazi pabwalo, cinkana lamulo loikidwa mu 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti. Apa tiphunzira kuti cifuniro ca kuuluka cikasowa nzeru ndi nchito ya manja, cimasanduka mantha. Ndipo mantha amafuna munthu wakumgwera.

Umo makina anadzera

Ku Ulaya, mmodzi wa oyamba kuyesa kusandutsa nsanje ya pa mbalame kuti ikhale nzeru anali mmisiri wojambula. Leonardo da Vinci wa ku Italy, mwini cithunzi cochuka ca Mona Lisa, analemba kabuku ka maulukidwe a mbalame ca m'ma 1505, najambulanso makina a mapiko okupiza. Makina otere sakadatha kuuluka, pakuti mphamvu ya manja ndi miyendo ya munthu siikwanira kukupiza mapiko onyamula thupi lace. Koma iye anaonetsa njira, ndiyo kupenyetsetsa ndi kuyesa miyeso. Mu 1783 abale awiri a banja la Montgolfier ku France anasoka thumba lalikuru, nalidzaza mpweya wotentha, ndipo mu Novembala wa caka cimeneco anthu awiri anakwera nalo pamwamba pa Paris. Mpweya wotentha upepuka koposa wozizira, monga tiona phulusa ndi masamba zirikukwera pamwamba pa moto wa lupsa. Otto Lilienthal wa ku Germany anaphunzira kwa adokowe, napanga mapiko a nsaru ndi timitengo, nadumpha nao pa zitunda pafupi fupi ka 2,000, kufikira anagwa ndi kufa mu Ogasiti 1896.

Otsiriza nchitoyi anali amisiri a njinga. Wilbur ndi Orville Wright a ku Dayton, m'dziko la America, anaona umo miimba imapotolera nsonga za mapiko pofuna kukhota, nacita comweco pa makina ao. Pa 17 Disembala 1903, kufupi ndi Kitty Hawk, ndege yao inauluka masekondi 12, mtunda wa mapazi 120. Cinsinsi ca phiko ndi ici: likamathamanga mumpweya litapendekeka pang'ono, limakankhira mpweya pansi, ndipo mpweya wa kunsi kwace umalikankha kolimba koposa wa pamwamba, motero likwera. Nchito ya injini ndiyo kulithamangitsa. Palibe mankhwala, palibe cizimba.

Kuno kwathu mabwalo a ndege asanacuruke, nyanja ndiyo inali bwalo lokonzeka kale. Sir Alan Cobham, pozungulira Afirika ndi ndege yotera pamadzi mu 1927 ndi 1928, anadzera pa nyanja yathu yino. Bwalo la ku Chileka linayamba nchito m'zaka za m'ma 1930. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 1949 ndege zazikuru za kampani ya BOAC, zochedwa Solent, za injini zinai ndi zonyamula anthu oposa 30, zinayamba kutera pamadzi ku Cape Maclear pa ulendo wao wocokera ku Southampton kunka ku Johannesburg. Ulendowo unali wa masiku anai kapena asanu, okwera nagona m'mahotela panjira. Sizinakhalitse, mu Novembala 1950 BOAC inaleka ndege za pamadzi. Koma funso ndi ili: anakweramo ndani? Anali akuru a Boma la atsamunda, eni minda ndi a malonda. Msodzi anali m'bwato lace, nagwira nkhafi, nayang'ana. Caka cotsatira, 1951, sitima ya Ilala inayamba maulendo ace, ndipo imeneyo ndiyo inanyamula anthu wamba a m'mbali mwa nyanja, pamodzi ndi matumba ao a mpunga ndi usipa.

Okwera oyamba a mwa ife

Anthu wamba a dziko lino amene anayamba kukwera ndege mwaunyinji sanali olemera kapena ophunzira iai. Anali amuna a ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe la Wenela, lolemba anthu nchito ya m'migodi ya golidi ku South Africa, linali ndi ndege zace zace, zimene zinanyamula amuna athu kunka nao ku Francistown, m'dziko limene lero lichedwa Botswana, ndipo kumeneko anakwera sitima ya pamtunda. Mnyamata amene sanakwerepo galimoto kawiri anapezeka ali pamwamba pa mitambo. Anamkweza kumwamba kuti akamtsitse kunsi kwa nthaka.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, itangonyamuka ku Francistown kulinga ku Blantyre, inagwa ndi kupsa. Mwa anthu 84 amene anali m'menemo anafa 78, ndipo oposa 70 anali Amalawi obwerera kwao atatha nyengo yao ya nchito. Ofufuza anapeza kuti mafuta ace anasanganizika ndi mafuta a mtundu wina. Dr. Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a Wenela, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Motero kugwa kwa ndege imodzi kunasintha makhalidwe a midzi yambiri mbiri. Pa nthawiyo dziko linali nayo kale kampani yace ya Air Malawi, yoyamba mu 1964 ndi kutha mu 2013. Ndipo mu 1983 bwalo lalikuru la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi. Koma kufikira lero ocuruka a ife ndege timaidziwa ndi khosi, poyang'ana m'mwamba.

Ciyankho ca amisiri a kumudzi

Kodi munthu acita ciani ndi cinthu camphamvu cimene cimpitirira pamutu tsiku ndi tsiku, osamlonjera? Acewa anali nayo kale njira yao. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkuru mu 2005 monga cuma ca anthu onse, pofotokoza zirombo zace linachula nyama za kuchire, mizimu ya akufa, ogula akapolo, ndiponso zatsopano, monga njinga yamoto ndi helikopita. Khalidwe la gule ndi lomweli kuyambira kale: cinthu ciri conse cacilendo ndi coopsa amacitengera kubwalo, nacibvinitsa m'pfumbi, kuti anthu acione pafupi, aciseke, ndi kuciyesa ngati ciri ca phindu kapena ca tsoka. Helikopita ya kumwamba iribe mnansi. Koma ya pabwalo imamvera ng'oma ya mudzi. Anyamata a m'mbali mwa nyanja anacita cimodzimodzi itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene anatenga perete wa asilikari namsandutsa malipenga, naomba zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa. Wofuna kuona kucuruka kwa luso limeneli apite ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa nyumba ya Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400.

Ana nao ndiwo amisiri. Amatenga phesi la cimanga, nasenda khungu lace, nalumikiza mapiko ndi mcira. Ena amapinda waya, ena amadula zitini. Ndipo wamng'ono koposa amaboola tsamba la mango ndi munga, nathamanga nalo kuti lizungulire monga cokupizira ca ndege. Mwana wotere sanalowemo m'ndege, koma waiyang'anitsitsa kufikira wadziwa ziwalo zace.

Ku Ghana, m'mudzi wa Teshie kufupi ndi Accra, amasimba za mmisiri wa matabwa Seth Kane Kwei. Gogo wace wamkazi ankaona ndege zirikutera ndi kunyamuka pa bwalo la kufupi ndi kwao, nalakalaka kukwera, koma anamwalira ca m'ma 1951 asanakwere. Mdzukuru wace anampangira bokosi la maliro la maonekedwe a ndege. Mabokosi otere, a ndege, a nsomba, a galimoto, apangidwabe ku Teshie, ndipo ena aonetsedwa m'nyumba za zionetsero ku Ulaya ndi ku America. Cimene dziko linammana mai uja, mmisiri anampatsa ndi mpaliro ndi utoto.

Mphunzitsi amene anasekedwa

Nkhani imene amisiri a masiku ano aikonda koposa m'cigawo cathu cino ndiyo ya Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia. Anabadwa mu 1919, namenya nao nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, nakhala mphunzitsi, nalowanso m'gulu lomenyera ufulu la UNIP. Mu 1960 anayambitsa sukulu yace ya sayansi ndi za m'mlengalenga, ndipo mu 1964, caka ca ufulu, analengeza kuti Zambia idzatsogolera America ndi Russia kufika ku mwezi, ndi pambuyo pace ku nyenyezi ya Mars. Anasonkhanitsa acinyamata pa munda wina kunja kwa Lusaka. Powazoloweretsa ulendowo ankawalowetsa mu mgolo wa mafuta, naukunkhuniza pa citunda. Ankawakwezanso pa katungwe. Cotengera cao anacicha D-Kalu, kulemekeza Kenneth Kaunda. Oyenera kupita anali namwali dzina lace Matha Mwamba, amphaka awiri, ndi mmishonale mmodzi, amene Nkoloso anamlangiza kuti asakakamize anthu a ku Mars kutembenuka ngati safuna. Anapempha mapaundi 7,000,000 ku UNESCO, koma sanalandire kanthu. Atolankhani a maiko akunja anadza, namjambula, dziko lonse ndi kuseka. Ophunzira ace anabalalika. Iye mwini anatumikira pambuyo pace pa nyumba yothandiza omenyera ufulu a maiko oyandikana ku Lusaka, nalandira digiri ya malamulo pa University of Zambia mu 1983, namwalira mu 1989.

Tsono lingalirani ici. M'zaka zomwezo ku Antwerp, m'dziko la Belgium, kunali mmisiri wodzicha Panamarenko, amene moyo wace wonse anapanga makina ouluka osauluka. Cacikuru ca zonse, Aeromodeller, thumba la mpweya lotalika koposa mamita 25, anacipanga kuyambira 1969 mpaka 1971, ndipo poyesa kuciulutsa cinakanika. Koma iye anachedwa mmisiri wamkuru, ndi cinthu caceco cisungidwa mwaulemu mumzinda wa Ghent. Mzungu wolota anachedwa waluso. Munthu wakuda wolota anachedwa wamisala. Kusiyana kumeneku ndiko kumene amisiri a m'badwo uno anabwerera kudzakufunsa.

Mu 2012 Cristina de Middel, wojambula zithunzi wa ku Spain, anaturutsa buku la zithunzi lochedwa The Afronauts. Anabveka anthu zobvala za oyenda m'mlengalenga zosokedwa ndi nsaru za maluwa zonga zitenje, ndi zipewa zobulungira zoonekera mkati, nawajambula monga ngati ulendo uja unacitikadi. Bukulo linachuka, nalowa m'gulu la opikisana pa mphotho ya Deutsche Börse mu 2013. Mu 2014 Nuotama Bodomo wa ku Ghana anaonetsa kanema wamfupi, Afronauts, pa cionetsero ca Sundance. Iye anaika nkhaniyo pa 16 Julaye 1969, tsiku limene Apollo 11 inanyamuka kunka ku mwezi, ndipo mtima wa kanemayo suli pa mphunzitsi koma pa namwali Matha, amene akuru amsenzetsa maloto ao. Stary Mwaba, wojambula wa ku Lusaka, anapanga cionetsero cochedwa Life on Mars, cimene cinaonetsedwa ku Berlin mu 2015. Ndipo Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, atafufuza mbiri ya Nkoloso, anafunsa funso limene atolankhani a 1964 sanalifunse: kodi munthu uyu, amene anadziwa bwino Azungu ndi nkhondo zao, sanali kuwaseka iwo amene ankayesa kuti alikumseka? Pakuti kutumiza mmishonale kwa anthu a dziko lina, ndi kumlangiza kuti awacitire cifundo, ndiko kutembenuza mbiri ya Afirika cadodolido. M'buku lace la nthano yaitali, The Old Drift, la mu 2019, limene linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020, Serpell anampatsa Matha mdzukuru amene apanga tindege tating'ono tonga udzudzu.

Amisiri anaiwa sagwirizana m'zonse. Wina aona nthabwala, wina cisoni, wina ndale. Koma onse akana cinthu cimodzi, ndico kunena kuti kumwamba kuli eni ace, ndi kuti mwana wa ku Lusaka kapena wa ku Linga alibe gawo kumeneko.

Luso la kulira

Wosimba za kuuluka asabise za kugwa. Pa 19 Okutobala 1986 ndege yonyamula Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique, pobwera ku msonkhano ku Mbala m'Zambia, inagunda phiri ku Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo anafa anthu 35. Pamalopo mmisiri wa zomanga José Forjaz anaimika mipope ya citsulo 35, umodzi wa munthu ali yense, yoboola mwakuti mphepo ikaomba imalira. Cikumbutsoco anacitsegula Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano mu 1999. Mpweya womwewo umene unyamula phiko ndiwo ulira maliro pamenepo usana ndi usiku.

Nafenso tiri nao maliro athu. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikari inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anafa anthu 9, pamodzi ndi Dr. Saulos Chilima, amene anali waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Dzina lace silidzaiwalika. Koma amuna aja a ku Francistown, amene anafa ndi mabulangete ndi masutikesi ogulira a kwao, maina ao akumbukidwa m'nyumba za abale ao. Imeneyo ndi nchito yoyembekeza osema athu, oumba, oyimba ndi olemba. Pakuti mtundu umene ukumbuka akuru okha sunatsirize maliro.

Kucokera ku maloto kufika ku nchito

Wina adzati, zonsezi ndi zithunzi cabe; cithunzi sicinyamula munthu. Koma taonani zimene zacitika. Godfrey Masauli, mnyamata wa dziko lino, anakomana ndi Benjamin Jordan wa ku Canada, amene ankaphunzitsa ana kupanga makaiti. Masauli anaphunzira kwa iye kuuluka ndi ciphiko ca nsaru copanda injini, cimene munthu amalendewera kunsi kwace ndi zingwe atadumpha paphiri, nakhala Mmalawi woyamba kudziwika ndi luso limeneli. Ulendo wao wa ku phiri la Mulanje unajambulidwa m'kanema wa mu 2013 wochedwa The Boy Who Flies, ndipo Masauli anayenda m'masukulu kuuza ana kuti ndi zotheka. Ku Argentina, mu Januwale 2020, mmisiri Tomás Saraceno anaulutsa thumba lalikuru lakuda pa cigwa ca mcere ca Salinas Grandes. Dzuwa lokha linatenthetsa mpweya wa mkati mwace, ndipo linanyamula mai wina, Leticia Marqués, popanda dontho la mafuta. Pa thumbalo panalembedwa dandaulo la eni dziko, okana kuti madzi ao aonongeke ndi migodi. Apa mmisiri wafunsa funso latsopano: tingauluke bwanji osaononga pansi pamene tidzatera?

Ndipo kufupi ndi ife, ku Kasungu, Boma pamodzi ndi UNICEF linapatula mu Juni 2017 dera la makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege, loyeseramo tindege topanda munthu tochedwa madroni, tonyamula mankhwala ndi magazi okayesa ku cipatala ndi kujambula malo osefukira madzi. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa acinyamata a m'Afirika kupanga ndi kuyendetsa tindege timeneti. Papita zaka 56 kucokera pa mgolo wa Nkoloso kufika pa sukulu imeneyi. Sindinena kuti mgolo unabala droni. Ndinena kuti m'zaka zonsezo, pamene kunalibe ndarama kapena makina, cifuniro cinasungidwa camoyo m'manja mwa obvina, osema, ojambula ndi ana a mapesi, monga mai asunga moto m'cikuni usiku wonse kufikira m'mawa.

Cifukwa cace ndilankhula kwa inu makolo, ndi kwa inu aphunzitsi anzanga. Mukapeza mwana alikupanga ndege ya phesi nthawi yakuti akatunge madzi, mtumeni kumadzi ndithu, koma musamthyolere ndegeyo, ndipo musamchule dzina loipa. Akabwera mfunseni cifukwa cace waika mapiko pakati osati kumcira. Muuzeni aiponye, aone kumene igwera, akonze, aponyenso. Mutengereni kunyanja akapenye nkhwazi ndi akakowa, ayerekeze mapiko ao, ajambule pa sileti kapena pamcenga. Mumuuze za amisiri a njinga a ku Dayton, ndi za amuna a Wenela, ndi za mphunzitsi wa ku Lusaka. Mwana wodziwa cimene cinyamula phiko sadzatola mwala kuponya gogo wace cifukwa ca licero. Akuru anati, m'mera mpoyamba.